Kugula galimoto kunja ndi kuilembetsa m'Malawi

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya dziko lino sizinagulidwe zili zatsopano. Zinayamba zatumikira eni ake ena kunja, makamaka ku Japan, ndipo zinafika kuno zitayenda kale makilomita zikwizikwi. Toyota Vitz, Passo, Sienta ndi Probox, Honda Fit, Mazda Demio ndi Nissan Note, zonsezi zimabwera m'njira imeneyi. Malondawa anazika mizu mpaka kampani ina ya ku Japan yogulitsa galimoto zotere, BE FORWARD, inakhala ikuthandiza timu ya mpira ya Wanderers kwa zaka zingapo, dzina lake n'kumatchulidwa pamodzi ndi la timuyo.

Mtengo umene munthu amauona pa intaneti pansi pa chithunzi cha galimoto ndi chiyambi chabe cha zolipira. Kuchokera pabwalo la wogulitsa ku Japan kufika tsiku limene galimotoyo idzavale nambala ya m'Malawi, imadutsa m'manja mwa eni sitima, akuluakulu a doko, maejenti oombola katundu, dalaivala, bungwe lotolera msonkho la MRA, apolisi, kampani ya inshulansi ndi nthambi yoona za pamsewu. Aliyense mwa amenewa amapereka chikalata chake, ndipo sachipereka asanaone cha amene wamutsogolera. Pa zikalata zonsezo pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kusintha ngakhale chilembo chimodzi: dzina la mwini galimoto ndi nambala ya chasisi. Cholakwika chimene chalowa pa chikalata choyamba chimayenda ndi galimotoyo mpaka kumapeto, ndipo mtengo wochikonzera umanka nukwera pamene galimotoyo ikuyandikira kwawo kwatsopano.

Chifukwa chake ambiri amaloza ku Japan

Ku Japan galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu monga m'Malawi, choncho chiwongolero chake chimakhala kumanja ndipo sipafunika kusintha kanthu. Chifukwa china n'cha malamulo a kumeneko. Galimoto ya munthu wamba imayenera kuunikidwa ikatha zaka zitatu chigulireni, kenako zaka ziwiri zilizonse. Kuunikaku, kumene eni ake amakutcha shaken, kumayendera limodzi ndi msonkho komanso inshulansi ndipo kumadya ndalama zambiri, kotero anthu ambiri amagulitsa galimoto ikadali yolimba m'malo mopitiriza kuilipirira. Galimoto zimenezi zimathera m'misika ikuluikulu ya okushoni, monga ya kampani ya USS, kumene amagula ndi amalonda olembetsedwa okha. Mmalawi amene akugula pa intaneti amakhala akugula kwa amalonda amenewa.

Galimoto iliyonse yolowa pa okushoni imayang'anidwa ndi katswiri amene amalemba pepala lofotokoza mmene ilili, lotchedwa auction sheet. Pamwamba pa pepalalo pamakhala giredi. Ya 4.5 ndi ya 5 ndi galimoto zosamalika kwambiri, ya 4 ndi yabwino, ya 3.5 ndi ya 3 zimakhala ndi zipsera zoonekera, pamene chilembo R chimasonyeza kuti galimotoyo inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pansi pake pamakhala chojambula cha galimoto chokhala ndi zilembo: A akutanthauza pokandika, U pophwafuka, S pochita dzimbiri. Za dzimbirizi n'zofunika kuzisamala, chifukwa galimoto zochokera kumadera ozizira a kumpoto, monga Hokkaido, zimayenda m'misewu yothiridwa mchere wosungunulira chipale, ndipo zimadyeka kunsi kumene kamera ya wogulitsa sifikako.

Chikalata cholemera kuposa zonse pa gawo limeneli ndi Export Certificate, chimene boma la Japan limapereka galimoto ikachotsedwa m'kaundula wake kuti ipite kunja. Chimasonyeza nambala ya chasisi, kukula kwa injini, mwezi ndi chaka chimene galimotoyo inalembetsedwa koyamba, komanso makilomita amene inali itayenda pa nthawi imene inaunikidwa m'mbuyomo. Wogula wochenjera amayerekeza makilomita amenewa ndi amene akuoneka pa dashibodi. Galimoto imene zaka ziwiri zapitazo inali itayenda makilomita 120,000 singakhale ndi makilomita 70,000 lero, pokhapokha wina atabweza mita.

Zaka za pa zikalata za ku Japan nthawi zambiri zimalembedwa potsata ulamuliro wa mafumu awo. Pa zaka za Heisei amaonjezera 1988, ndipo pa zaka za Reiwa amaonjezera 2018. Choncho H25 ndi 2013, pamene R2 ndi 2020. Izi zingaoneke ngati zazing'ono, koma msonkho wa m'Malawi umatengera msinkhu wa galimoto, ndipo kusiyana kwa chaka chimodzi kungaiponye m'gulu lolipira zochuluka.

Nambala ya chasisi nayo ili ndi kalembedwe kake. Galimoto zopangidwira msika wa mkati mwa Japan sizikhala ndi nambala ya zilembo 17 imene imapezeka pa galimoto za ku South Africa kapena ku Ulaya. Yawo imakhala yaifupi, yogawika pawiri, ndipo gawo loyamba limafotokoza mtundu wa galimoto ndi injini yake. Mwachitsanzo, Vitz yoyamba ndi KSP90 ili ndi injini ya 1000cc, pamene ya SCP90 ili ndi ya 1300cc, ngakhale kuti pachithunzi ziwirizi n'zovuta kuzisiyanitsa.

Mtengo ndi kalipiridwe

Mitengo ya pa intaneti imalembedwa m'njira zitatu. FOB ndi mtengo wa galimoto itangokwezedwa m'sitima padoko la ku Japan. C&F imaphatikiza ndalama za sitima mpaka padoko lotsikira, ndipo CIF imaonjezerapo inshulansi ya panyanja. Otsatsa malonda amakonda kuonetsa FOB chifukwa ndiyo yooneka yotsika, koma pa galimoto zotchipa ndalama za sitima nthawi zina zimaposa mtengo wa galimoto yeniyeniyo.

Kulipira kumachitika m'madola, kudzera kubanki, potsata invoisi imene wogulitsa watumiza. Apa ndi pamene Amalawi ambiri amajejemera, chifukwa kwa zaka zingapo tsopano ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki ndipo pempho lotumiza ndalama lingathe kudikira nthawi yaitali. Kugwa mphamvu kwa kwacha kumasinthanso masamu onse usiku umodzi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 pa mtengo wa kubanki. Galimoto ya madola 5,000 imene dzulo lake inali K5.9 miliyoni inadzuka ili K8.5 miliyoni, wogulitsa asanaonjezerepo ngakhale senti.

Akuba a pa intaneti nawo amadziwa kuti ndalama zimenezi zimatumizidwa wogula asanaione galimoto ndi maso. Ena amapanga masamba ofanana ndi a makampani odziwika, ena amatumiza imelo yonena kuti kampani yasintha akaunti. Akaunti imene ili m'dzina la munthu, kapena m'dziko lina losakhala limene kampaniyo ili, ndi chizindikiro chokwanira choimitsira malipiro. Ndalama zikatuluka m'dziko, kuzibweza kumakhala kovuta kwambiri.

Panyanja, padoko ndi pamsewu

Galimoto zambiri zimanyamulidwa pa sitima za mtundu wa RoRo, zimene galimoto imalowamo ndi kutulukamo ikuyendetsedwa. Zina zimaikidwa m'makontena. Kuchokera kumadoko a Yokohama, Nagoya kapena Kobe kufika kugombe la kum'mawa kwa Africa, ulendowu umatenga mwezi umodzi kapena kuposerapo.

Eni sitima amapereka chikalata chotchedwa Bill of Lading, chimene chili ngati kiyi wa galimotoyo padoko. Amene walembedwa pamenepo kuti ndiye wolandira katundu ndi amene doko lidzamuone ngati mwini wake, ndipo dzina lomwelo ndi limene lidzayende mpaka ku MRA. Anthu ena, pofuna kuchepetsa chintchito, amalembetsa dzina la mbale kapena la mkhalapakati amene akuwagulira. Mapeto ake galimoto imaomboledwa m'dzina la munthu wina, ndipo amene anatulutsa ndalama amayamba kudalira chifundo cha winayo kuti umwini usinthidwe. Dzina liyenera kulembedwa ndendende monga lilili pa chiphaso cha unzika kapena pasipoti. Chikalatacho chiyeneranso kunena kuti galimotoyo ikungodutsa pa ulendo wa ku Malawi, kuti isatengedwe ngati katundu wa dziko limene kuli dokolo. Wogulitsa amatumiza kope loti wogula aliwerenge sitima isananyamuke, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yotchipa yokonzera cholakwika.

Popeza Malawi alibe doko la panyanja yamchere, wogula amasankha potsikira. Beira ndi Nacala ku Mozambique ndiwo madoko apafupi, koma galimoto zambiri za anthu wamba zimatsikira ku Dar es Salaam ku Tanzania, zina ku Durban ku South Africa. Padoko pali masiku ochepa amene galimoto imasungidwa ulere. Akatha, ndalama zosungira zimayamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, m'madola. N'chifukwa chake zikalata ziyenera kufika m'manja mwa ejenti sitima isanakocheze. Ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya kuli maofesi a Malawi Cargo Centres, amene anakhazikitsidwa kuti azisamalira katundu wa dziko lino wodzera njira ya kumpoto.

Galimoto yotuluka padoko la Dar es Salaam imapatsidwa nambala yongoyembekezera yoyamba ndi zilembo IT, ndipo m'pamene panachokera dzina loti "ma IT". Imayenda pansi pa chikole cha msonkho, m'njira yokhazikitsidwa komanso m'masiku owerengeka, ndipo chikolecho chimamasulidwa galimotoyo ikatuluka m'Tanzania. Msewu wake umadzera ku Morogoro, m'nkhalango ya Mikumi momwe muli malire a liwiro ndi chindapusa kwa wogunda nyama, n'kukwera phiri la Kitonga kupita ku Iringa ndi Makambako. Pa Uyole, pafupi ndi Mbeya, umakhotera ku Tukuyu n'kutsikira pachipata cha Kasumulu, chimene chayang'anizana ndi cha Songwe m'boma la Karonga. Ndi mtunda woposa makilomita 900, ndipo kuchoka pa Songwe kukafika ku Lilongwe, kudzera ku Chiweta ndi Mzuzu, patsala ena oposa 600.

Ulendo wonsewu galimoto imauyenda itangotsika m'sitima, ili ndi oyilo amene inachoka naye ku Japan, m'manja mwa dalaivala amene mwini wake mwina sanamuonepo. Madalaivala ena amanyamula matola m'njira kuti apeze yapadera, zomwe zimalemetsa galimoto ndi kusokoneza nkhani ya inshulansi pakagwa ngozi. Ndi nzeru kugwirizana mwa kulemba za mafuta, tsiku lofika ndi zinthu zimene zili m'galimotomo, monga tayala lapadera, jeke, batire ndi wailesi, komanso kujambulitsa zithunzi padoko isananyamuke.

Njira ya Durban ndi yosiyana. South Africa salola kuti galimoto zakale zochokera kunja zizigulitsidwa kwa anthu a m'dzikomo, choncho zongodutsa zimasungidwa m'malo otetezedwa ndi a msonkho ndipo zimatuluka zitanyamulidwa pa mathiraki. Zobwera kuno zimadzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowera pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza.

Msonkho

Bungwe la MRA, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000, ndilo limatolera msonkho wa galimoto yolowa m'dziko. Woitanitsa amayenera kukhala ndi nambala ya wokhoma msonkho, TPIN, ndipo amagwiritsa ntchito ejenti amene ali ndi chiphaso cha bungweli. Ejentiyo amalowetsa zonse za galimotoyo pa Form 12 kudzera m'makina a ASYCUDA World, ataphatikiza invoisi, Bill of Lading, Export Certificate, umboni wa malipiro ndi malisiti a mayendedwe. Ofisala wa msonkho amaiona galimotoyo ndi maso n'kuyerekeza nambala ya chasisi ndi ya pa mapepala.

Misonkho yake ilipo itatu: wolowetsera katundu m'dziko, wa excise ndi wa VAT. Chimene chimadzidzimutsa ambiri n'chakuti misonkhoyi imaberekana. Woyamba umawerengedwa pa mtengo wa galimoto pamodzi ndi ndalama zoinyamulira ndi inshulansi. Wa excise umawerengedwa pa mtengowo utaphatikizidwa ndi msonkho woyamba uja, ndipo VAT imadza pamwamba pa zonsezo. Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Pa galimoto ya K10 miliyoni, msonkho woyamba wa 25 peresenti ndi K2.5 miliyoni. Excise ya 30 peresenti pa K12.5 miliyoni ndi K3.75 miliyoni. VAT ya 16.5 peresenti, mlingo umene unagwira ntchito kwa zaka zambiri, ikawerengedwa pa K16.25 miliyoni imakwana pafupifupi K2.7 miliyoni. Msonkho wonse ukuyandikira K9 miliyoni, kutanthauza kuti galimotoyo yatsala pang'ono kugulidwa kawiri.

Excise ndiyo imasiyanitsa kwambiri galimoto ina ndi inzake, chifukwa imakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso msinkhu wa galimoto. Yakale kwambiri imakhala yotchipa ku Japan koma yodula pachipata. Kawerengedwe kotengera mtengo kanali kubala mikangano yosatha, popeza oitanitsa ena ankabweretsa mainvoisi otsitsidwa dala, ndipo maofisala ankawakana n'kuika mtengo wawo. M'chaka cha 2023 MRA inayambitsa ndondomeko ya msonkho wokhazikika pa galimoto zambiri zakale, momwe ndalama yolipira imalembedweratu pa mndandanda potengera mtundu wa galimoto, injini ndi chaka. Ubwino wake ndi wakuti munthu angathe kudziwa msonkho asanatumize ndalama ku Japan. Milingo ya msonkho imasintha pamene bajeti ya boma yasintha, choncho mndandanda wofunika kuuona ndi umene ukugwira ntchito pa nthawi yogula.

Msonkho uyenera kulipiridwa ku akaunti ya MRA, ndipo lisiti lituluke m'dzina la woitanitsa. Ejenti amene akulonjeza kuti auchepetsa "mwa njira zake" akugulitsa vuto limene lidzagwere mwini galimoto, chifukwa bungweli lili ndi mphamvu yolanda galimoto imene msonkho wake unazembedwa ngakhale patapita nthawi. Zonse zikalongosoka, MRA imapereka Customs Clearance Certificate, chimene ambiri amangochitcha CCC. Popanda chikalata chimenechi galimoto singalembetsedwe.

Amalawi amene akhala kunja nthawi yaitali ndipo akubwerera kudzakhazikika amaloledwa kulowetsa galimoto yawo popanda msonkho, ngati akwaniritsa zofunika za nthawi imene anakhala kunjako ndi imene akhala ndi galimotoyo. Mwayi umenewu ndi wa munthuyo, si wa galimoto. Ikagulitsidwa mosatsata ndondomeko ya MRA, msonkho uja umadzuka, ndipo amene amakumana nawo ndi wogula watsopano.

Apolisi ndi galimoto zochokera kumwera

Galimoto isanalembetsedwe, apolisi amaunika nambala ya chasisi ndi ya injini pa chitsulo penipeni, kuona ngati sizinafufutidwe kapena kudindidwanso, n'kuziyerekeza ndi kaundula wa Interpol wa galimoto zobedwa. Pa zochokera ku Japan gawo limeneli kawirikawiri limadutsa mosavuta.

Nkhani imakula pa galimoto zimene zinali zolembetsedwa m'maiko oyandikana nawo, makamaka South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito n'kugula galimoto zobwera nazo kumudzi. Galimoto yotere imafunika chiphaso cha SARPCCO, bungwe la akuluakulu a polisi a m'chigawo cha kumwera kwa Africa limene linakhazikitsidwa mu 1995 ku Victoria Falls. Chiphasocho chimatengedwa kupolisi ya dziko limene galimoto ikuchokera, isanatuluke. Ku South Africa galimotoyo imayenera kukhala ndi timadontho tachitetezo totchedwa microdots, kukhala ndi chilolezo chotulutsira kunja cha bungwe la ITAC, komanso kulembedwa m'kaundula wa NaTIS kuti yatuluka m'dziko. Chikalata cha umwini cha kumeneko chimasiyanitsa mwini galimoto ndi title holder, amene ali ndi ulamuliro weniweni pa galimotoyo. Ngati inagulidwa pa ngongole imene sinathe, ulamuliro umenewu umakhala m'manja mwa banki, ndipo amene akuiyendetsa alibe mphamvu yoigulitsa. Galimoto yooneka bwino yogulitsidwa motchipa modabwitsa ku Johannesburg iyenera kufufuzidwa pa mfundo imeneyi ndalama zisanaperekedwe.

Ena amalowetsa galimoto ya nambala yakunja pa chilolezo cha alendo, TIP, n'kukhala nayo mpaka kalekale. Chilolezochi ndi cha mlendo amene adzabwerere ndi galimoto yake pa nthawi yoikika. Kuigulitsa kuno kapena kupitirira masiku ndi mlandu wa msonkho, ndipo wogula galimoto yotere amakhala wagula chitsulo chimene sangachilembetse m'dzina lake.

Ku Road Traffic

Gawo lomaliza lili m'manja mwa nthambi ya DRTSS, imene anthu amangoitcha Road Traffic, yomwe imagwira ntchito potsata lamulo la pamsewu la 1997 ndipo ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Nthambiyi imasunga kaundula wake pa makina a MalTIS. Aliyense wofuna kulembetsa galimoto amayamba walembetsa yekha, kujambulidwa chithunzi ndi zidindo za zala, n'kulandira khadi lotchedwa Traffic Register Card. Chifukwa cha zalazi mwini galimoto amayenera kufika yekha, ndipo madobadoba amene amazungulira pa maofesiwa sangamuimire pa zimenezi, ngakhale amalonjeza zambiri.

Apa m'pamene zikalata zonse zimakumana. CCC ya ku MRA iyenera kuoneka m'makina, chiphaso cha apolisi chikhalepo, ndipo dzina la pa khadi lifanane ndi la woitanitsa. Chilembo O chikalembedwa pamalo pa nambala 0 pa chasisi, makina saipeza galimotoyo, ndipo mwini wake amabwezedwa ku MRA kumene cholakwikacho chinalowera. Galimoto imayezedwa kulemera kwake n'kuunikidwa mabuleki, magetsi, matayala ndi chiwongolero kuti ilandire chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, COF, chimene pa galimoto ya munthu wamba chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Lamulo limafunanso inshulansi, yochepetsetsa ikhale ya third party, imene imalipira anthu ena opwetekedwa kapena kuonongeredwa katundu koma osati galimoto ya mwini wakeyo.

Zikatha izi galimoto imapatsidwa nambala, ndipo mwini wake amalandira chikalata cha umwini chimene anthu amachitchabe blue book ngakhale kuti kabuku kabuluu kakale kanasiya kuperekedwa. Woilembetsa ayenera kunena ntchito imene galimotoyo izigwira. Zonyamula anthu kapena katundu pa malipiro zimavala nambala ya zilembo zofiira ndipo zili ndi zilolezo ndi inshulansi yakeyake. Sienta yolembetsedwa ngati ya pabanja ikayamba kunyamula anthu pa siteji, mwini wake amakhala pa ngozi yokanidwa chipukuta misozi tsiku limene yachita ngozi.

Pali tina tating'ono timene mapepala satchula. Galimoto zambiri zimafika zitavala matayala a nyengo ya chipale, a mphira wofewa, amene amatha msanga pa phula lotentha la kuno ndipo sagwira bwino msewu mvula ikagwa. Zambiri zilinso ndi giyabokosi ya CVT imene imafuna oyilo wakewake, ndipo kuthiramo wa giyabokosi wamba kumaiononga. Wailesi nayo imabwera itazolowera kwawo: zambiri za ku Japan zimagwira kuyambira 76 mpaka 90 pa FM, pamene nyumba zambiri zoulutsira mawu za m'Malawi zili pamwamba pa 90. Amakanika a zamagetsi amaikamo kachipangizo kokulitsira mafunde, ndipo wailesiyo imayamba kugwira, ngakhale kuti manambala ooneka pagalasi lake sagwirizananso ndi amene muulutsi akutchula.